Tsiku Limene Deborah Ananditcha Alamu

Anzanga, ine ndine Winifred, dokotala wa asilikali kuno ku Mzuzu. Mayina onse ndasintha, chifukwa chake muchimva.

Tumbikani ndinachita kumutola pamsewu. Zenizeni! Anagwa pa kabaza ku Chiputula, kamvula kathu kosatha kaja kakuwaza, bondo lili magazi okhaokha. Ndinaimitsa galimoto, ndili mu yunifolomu, n'kumumanga bandeji.

"Yewo chomene, asisi," anatero. "Koma msilikali manja ofewa chonchi? Adani mumangowabaya jakisoni eti?"

Ndinaseka, ine amene anzanga ku barracks amati ndinabadwa nditakwinya nkhope.

Basi, zinayambira pomwepo. Lamlungu tikaweruka ku tchalitchi tinkapita ku Masasa kwa amayi ake, iwo n'kundiphikira kondowole ndi nsomba ya batala. Ankandinyadira kwa aliyense: "Mkamwana wane ni Captain!"

Kenako dzina langa linatuluka pa gulu lopita ku Congo kukasungitsa mtendere. Chaka chathunthu.

Moyo unasanduka kuthamanga m'mawa, kuombera mfuti ku range masana, katemera, kulongedza mabokosi a mankhwala, kuphunzitsa anyamata kuletsa magazi zipolopolo zikulira. Ndinkafika kunyumba nditatheratu. Tumbikani ndinkangomuona mwa apo ndi apo.

"Osadandaula babe, I understand," ankatero. "Tingochita za malowolo usananyamuke, upite uli wanga."

Amalume anga anavomera, tsiku linaikidwa. Ndinati Mulungu wandikumbuka.

Ndiye inafika screening. Aliyense wopita amayezedwa, ndipo lamulo silikhota: wapakati sapita. Woyeza asilikali aakazi ndinali ine.

Analowa Lance Corporal Deborah, kamtsikana kaulemu kamene kanabwera pa transfer chaka chomwecho. Ka test kanaonetsa mizere iwiri.

"Deborah, uli ndi mimba. Sungapite."

Anagwada pansi, yunifolomu ili m'thupi.

"Madam chonde, musalembe. Ndithandizeni ngati m'bale. Paja inu ndinu alamu anga..."

"Alamu ako? Kudzera kwa ndani?"

"A Tumbikani a ku Masasa. Nditakuonani muli limodzi m'tauni ndinawafunsa, anati ndinu msuweni wawo. Mimbayi ndi yawo, madam."

Anzanga... msuweni. Ine!

M'makutu munangoti ziii. Ndinafuna kukuwa, ndinafuna kugubuduza tebulo. Koma amene anagwada patsogolo panga anali patient wanga, wonamizidwa ngati ine ndemwe. Ndinamudzutsa, ndinamupatsa mapiritsi a magazi, ndinamuuza tsiku loyamba sikelo.

Madzulo ndinamuimbira Tumbikani.

"Za malowolo zija zatha. Uwauze akwanu."

"Ah ah, Winnie, nasuzga vichi? Ndalakwanji? At least tell me!"

"Dzifunse wekha."

Sindikanatha kunena zambiri. Zimene dokotala wamva m'chipinda choyezera zimathera momwemo, ndinalumbira. Tumbikani ndi wochenjera, anadziwa kuti pakamwa panga ndi pomangidwa. Anayendayenda kwa abale nkhope ili yachisoni, akuti ndamutaya popanda chifukwa.

Amayi ake anandiimbira akulira. "Mwana wane, takulakwira vichi?" Ndinangoti pepani mama.

Amalume anga ndiye anandilalatira. "Usilikali wakulowa m'mutu! Wanunkhiza madola a ku Congo basi waona mwamuna ngati zinyalala. Watichititsa manyazi!"

Ndinameza zonse. Mpaka lero kwathu woipa ndine.

Chikwama changa chobiriwira cha usilikali chili pakhomo, tinyamuka sabata yamawa. Anthu akundifunsa ngati ndikuopa zigawenga. Ndikuopa, inde. Koma chimene chikundidya mtima n'china.

Pa pepala la Deborah ndinalemba zoona: unfit. Ndiye kuti iye atsala kuno ku Mzuzu, pafupi ndi Tumbikani, kudikira mwana wawo. Ine ndikwera ndege.

Ndipo amene anasainira kuti zikhale choncho, anzanga, ndi dzanja langa lomweli.