Fatsani Wathawa Ntchito ya "Banja Limodzi"

Mwaswera bwanji nonse?

Lero ndinaperekeza mchimwene wanga Fatsani ku Bangula. Kampani ina yogula thonje yamata chipepala kuti ikufuna kalaliki wa pasikelo.

Amawerenga akumwetulira, mpaka anafika pamene alemba kuti "Kuno timagwira ntchito ngati banja limodzi." Munthu uja pompo wakwera njinga!

Ndamufunsa chavuta n'chiyani. Akuti, "Achemwali, banja ndikulidziwa ine. Ndinapalira dimba lonse la amalume ku Makhanga, dzuwa likuswa mtengo, malipiro ake anali 'takhuta, mphwanga.' Anakhutadi iwo, ine ayi."

Ndamunyengerera, wakanitsitsa. Akuti bola akanalemba kuti "ngati alendo," poti mlendo amamuphera nkhuku.

Abale, abwerere kapena tizimusiya? Amalume, musazimitse foni, taona kuti mwawerenga.