Uthenga Woti Palibe Chatsopano

Akalipentala a kuseri kwa malo ochapira magalimoto anali munthu wosakonda kufunsa. Akasochera, ankalolera kuzungulira tauni yonse kusiyana n'kuimitsa munthu kuti awalozere njira. Zaka makumi anayi anakhala akupala matabwa m'shedi imodzimodziyo, pensulo kukhutu, utuchi m'nsidze, ndipo chitseko chimene apachika iwo sichinkalira. Ntchito ankaidziwa. Koma mtima, tisabise, unali wouma ngati mutu wa hamala.

Ana anali nawo awiri. Wamkulu, wamwamuna, anamuphunzitsa ntchito mpaka kumupatsa bokosi lake la zida: sowo, matchizulo asanu, ndi puleni yachitsulo yopalira matabwa, ya chigwiriro chofiira chimene anasema okha. Tsiku lina anakangana chifukwa cha tebulo lopendekeka. Mawu anakula kuposa tebulolo, ndipo mwanayo ananyamula bokosi lake ndi mkazi wake n'kusamukira kwina. Akalipentala analamula kuti dzina lake lisamvekenso pakhomopo. Zinatha zaka zinayi.

Mwana wawo wamkazi ankagwira ntchito kukampani ya msika wa pa intaneti, kumene anthu amagulitsana zinthu zakale. Iyeyu ndiye anawaikira pulogalamu ya msikawo pafoni, n'kuwaonetsa kuti ukalemba chimene ukufuna n'kuchisunga, foni imakufufuzira yokha tsiku ndi tsiku. Akalipentala anangoti ndi zachibwana. Koma mwanayo atangotuluka, analemba ndi chala chimodzi: puleni yachitsulo, chigwiriro chofiira.

Sikuti ankafuna kuigula. Nzeru yawo inali yakuti mmisiri amagulitsa jekete, amagulitsa bedi, koma puleni amaigulitsa madzi akafika m'khosi. Choncho m'mawa uliwonse, akamatsegula loko wa shedi, foni inkalira m'thumba ndi uthenga wa mawu awiri: Palibe chatsopano. Iwo mtima unkakhala pansi. Ndiye kuti mwana wawo wamwamuna uja akupalabe matabwa kwinakwake, ndipo akudya. Ankamusowa kwambiri, ndipo njira yomufunsira moyo popanda kugonja inali yokhayi.

Lolemba lina foni sinalire. Lachiwiri chimodzimodzi. Lachitatu anapita nayo kwa wokonza mafoni, amene anaitembenuzatembenuza n'kunena kuti ilibe vuto. Lachinayi anadula thabwa lalifupi kawiri konse, chinthu chimene sanachitepo chiyambire. Lachisanu anavala jekete n'kukwera masitepe a ofesi ya mwana wawo wamkazi, kumene anali asanapondeko.

Munali phee. Anthu anali atatseka makutu ndi zomvera, maso pamakompyuta, ndipo khoma lonse linali lomatidwa timapepala tachikasu. Mwanayo anawatengera m'kachipinda kagalasi n'kuwakokera mpando.

"Mwanawe, zinthu zanuzi zafa," anatero akalipentala, akuika foni patebulo. "Uthenga wa m'mawa uja sukubwera."

"Sizinafe, bambo. Tauchotsa dala, ndipo ntchito yokonzanso gawo limeneli anapatsa ineyo. Tinaona kuti pa anthu khumi, asanu ndi anayi amangoufufuta osautsegula. Uthenga wopanda kanthu ndi phokoso chabe. Tsopano foni izilira pokhapokha chinthu chikapezeka."

"Nanga ikakhala chete, ndidziwa bwanji kuti yafufuza n'kusowa, osati yangogona?"

Miyezi itatu ya misonkhano, panalibe amene anafunsapo funso limenelo. Onse ankaganiza kuti wofufuza aliyense amafuna kupeza.

"Kodi inuyo mukufufuza chiyani, bambo?"

Akalipentala anangokankha foniyo ndi chala. Mwanayo anawerenga mawu anayi aja, n'kuzindikira kuti ndi puleni ya achimwene ake.

"Uthengawo nditha kuubwezeretsa," anatero motsitsa mawu. "Ndiika pakuti munthu azisankha yekha, ndipo mwina alipo ena ngati inu. Koma inuyo ukhala ukukunamizani. Puleni ija achimwene anaigulitsa chaka chatha, pamanja, kwa mnzawo, alamu atagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri. Pamsika pathu sinafikepo."

Akalipentala anagwira m'mphepete mwa tebulo. Chaka chathunthu ankatsegula shedi akuimba mluzu, pamene mwana wawo anali atatsala manja okha. Anachita manyazi, ndipo manyaziwo anawawa kuposa chisoni.

"Iwe unkadziwa nthawi yonseyi?"

"Munatiletsa kuwatchula, bambo."

Lamulolo anaika okha, ndipo ana awo anali omvera.

Mwanayo anatulutsa foni yake, nafufuza nambala ya achimwene ake, n'kuiika patebulo ikuitana. Sanawapemphe chilolezo. Akalipentala anayang'ana chitseko, ndipo kunena zoona, mwendo umodzi unali utayamba kale ulendo. Foni inaitana kachitatu, kachinayi. Kenako kunamveka mawu a mwamuna wotopa, akuyankha mlongo wake.

Akalipentala anainyamula foniyo ndi manja onse awiri.

"Si mlongo wako," anatero. "Ndine bambo ako. Ndamva mochedwa, mwana wanga."