Bokosi la a Mendulo

Tinanyamuka ku Blantyre m'mamawa, mwezi wa Okutobala, zaka ziwiri itapita njala yaikulu ija. Tinali awiri, kapena ndinene atatu: ine Yotamu, abwana anga a Mendulo, ndi chelo chawo. Chelo ndi kaligo wa azungu wa nsambo zinayi, wamkulu ngati mwana wodya bwino, ndipo chimagona m'bokosi lakuda lalitali.

A Mendulo dzina lawo lenileni linali Mendel, Myuda amene anathawa nkhondo kutsidya kwa nyanja. Ndinayamba ndi kuwaphikira ku Joni, kenako ndinakhala wonyamula bokosi. Tinayenda nawo ku Bulawayo, ku Halale, mpaka ku Blantyre, akuimba nyimbo za makolo awo m'maholo. Tsono amishoni ena a ku Matandani anawapempha kuti akawaimbire, ine n'kuvina m'khitchini. Mudzi wa mkazi wanga Nasibeko uli panjira yomweyo, ndipo malume ake, a Zakeyu, anali atanditumizira mawu: ndikapanda kuoneka mvula yodzalira isanagwe, ukwati watha, mwana wa mlongo wawo sangakhalire kudikira mtchona. Ndiye maso anga anali kumitambo basi.

Tinakwera lole yonyamula mchere, masheleni atatu munthu mmodzi. Dalaivala anati bokosi likwere pamwamba pa matumba. A Mendulo anakuwa m'Chilapalapa, "Aikona!" Mapeto ake chelo chinalipira ngati munthu n'kukhala kutsogolo, ine mwana wa mayi wanga pamatumba, kumeza fumbi mpaka kuwoloka Shire.

Pa Zalewa tinatsika dzuwa likuswa mtengo. Ngakhale mbuzi zinali zitagona m'munsi mwa milambe, zopanda mphamvu yoba. Tinagula chinangwa chophika ndi thobwa, a Mendulo n'kuvula jekete kufunditsa bokosi kuti lisapse. Pomwepo ndinaona bambo wina wa njinga, wogulitsa matemba, akulowera kumapiri.

"Achimwene, kodi mudzera kwa a Zakeyu?"

"Ndikagona konko," anatero, nzimbe ili kukamwa.

"Mukawauze kuti Yotamu wa ku Joni akubwera mawa, ndi mzungu, ndi bokosi."

Anayang'ana bokosi lofunditsidwa lija, anavula chipewa, napalasa njinga ngati wathamangitsidwa. Ine n'kuti koma anthu akwathu kuthandiza!

Ngolo ya ng'ombe inatifikitsa ku Lisungwi pa sheleni imodzi, tinagona pakhonde la sitolo. Kutacha tinauyamba wapansi, titapeza bambo wina, a Filipo, woti tizinyamulizana. Tinamanga bokosi pamtengo, iwo kumbuyo ine kutsogolo, a Mendulo pambuyo pathu ndi suti yakuda, nkhope ili pansi chifukwa cha chitunda.

Apa m'pamene ulemu unayamba. Okonza mizere m'minda ankaika makasu pansi. Amayi ankapatuka n'kugwada m'mbali mwa njira, amuna zipewa m'manja. A Mendulo anakondwa zedi. "Yotamu, anthu a kwanu amalemekeza nyimbo kuposa a ku Bulawayo!" Nawonso ankavula chipewa uku ndi uku. Ine ndinkayesa akugwadira ndevu zanga ndi magalasi akuda a ku Joni, ndiye ndinayamba kuyenda monyang'wa. A Filipo okha ankangoseka chamumtima, osatitsina khutu, anthu ena nkhanza.

Pamtsinje wina mkulu wina anatiyandikira manja ali kumbuyo.

"Pepanitu ana anga, mwatopa nawo."

"Amalemera, koma tazolowera," ndinayankha. "Tayenda nawo chonchi kuchokera ku Bulawayo, mwezi wachitatu uno."

Mkulu uja anatseka mphuno ndi dzanja n'kubwerera chambuyo, osatsazika.

Chakumasana tinafika pa mphambano ya kumudzi. Panjira panali masamba, utsi uli tolo, amuna atakhala m'magulumagulu, ndipo m'nyumba ya apongozi anga munkamveka kulira. Ndinafunsa bambo woyamba amene ndinakumana naye, munthu woti tinkasaka naye mbewa kale, koma sanandizindikire.

"Kodi watisiya ndani?"

"Yotamu, mwamuna wa Nasibeko. Wafera ku Joni. Si ameneyo mwanyamulayo?"

Kalanga ine! Ndisanatsegule pakamwa, mawu a Nasibeko anakwera pamwamba pa onse. "Yotamu iwe! Ndinakana amuna atatu ine! Mbewu ndasunga, munda ndakonza, iwe n'kubwera m'bokosi? Ndani adzandiseketsa ine mayo!" Ndisaname, ndinaima kaye kumvetsera. Zinandikoma, komanso zinandipweteka mpaka misozi inalengeza.

Ndinavula chipewa ndi magalasi n'kukuwa, "Ndili pano ine!"

Ha! Mudzi unabalalika ngati nkhuku zaona mphamba. Mkulu wa mpingo analumpha nkhokwe ya nandolo, buku la nyimbo lili m'manja. A Zakeyu okha ndiwo analimba mtima. Anabwera pang'onopang'ono, nandipotokola khutu mpaka ndinakuwa.

"Mzukwa sukuwa chonchi," anatero. "Nanga m'bokosimu muli ndani?"

A Mendulo anatsegula. Anthu anasuzumira patali, kenako phwete linaphulika, ena mpaka kugubuduka pansi. Wa matemba uja anali pomwepo, ntchafu ya nkhuku ya pamaliro ili m'manja. "Ine ndinamva kuti m'bokosi," anatero. "Ndipo bokosilo ndinaliona ndi maso angawa."

Adzukulu, okumba manda aja, ndiwo sanaseke. Dzenje linali litakumbidwa kale, nthaka youma ya Okutobala, ndipo kwathu manda sasiyidwa ali yasa, amaitana munthu. Anati adule thunthu la nthochi likalowemo m'malo mwanga. Nditawamasulira a Mendulo, kuseka kwawo kunatha. Kenako anati, "Kuno muli ndi manda opanda munthu. Ine ndili ndi anthu opanda manda." Mayi awo, mkazi wawo, mchemwali wawo ndi mwana wake, onse anaphedwa pankhondo, ndipo palibe akudziwa pamene anagona. Zaka zonse zija ndikuwanyamulira bokosi anali asanandiuzepo.

A Zakeyu atamva anagwedeza mutu. "Uwauze kuti manda alipo, olira alipo, ufa wasonkhedwa kale. Angotchula maina."

Tinapita kumanda mudzi wonse. A Mendulo anatchula: Sara, Miriamu, Rute, Yakobo. Mayi wina ananong'ona, "Eti maina athu omwe." Thunthu litatsitsidwa, anakhala pa mtondo wovundikira, chelo pakati pa miyendo, n'kukoka uta. Nyimbo imeneyo ndinali nditaimva m'maholo ambiri, azungu ali duu. Koma amayi akwathu sadziwa kusiya munthu alire yekha. Anaigwira atangoimva kachiwiri, n'kumayankha chapansipansi, mmm, mmm, a Mendulo misozi ikutsikira m'ndevu, uta osaima.

Pobwerera kumudzi anasintha, anaimba ya paukwati wa kwawo, yothamanga. Wina anathamangira ng'oma, ndipo maliro anga anatha ndi gule, fumbi kobo. Nyama ya pamaliro anga omwe ndinadya nawo. Ndi anthu angati angakuuzeni zimenezo?

Dzuwa litapendeka a Zakeyu anatikhazika pansi pa mtengo wa mango, ine ndi Nasibeko. Chifikire changa Nasibeko anali asanandilankhule, maso atatupa, mawu atasasa.

"Mkamwini wafika mvula isanagwe," anatero a Zakeyu. "Koma mwini nkhani ndi uyu. Nasibeko, ukuti bwanji?"

Ulendowu unandiphunzitsa kuti munthu ungazungulire mizinda yonse, koma kulemera kwako umakudziwira kwa okulira. A Mendulo anali atandiuza kale kuti mawa ndingowafikitsa ku Matandani, a Filipo apitiriza nawo, ngati pano andilandira.

Nasibeko anandiyang'ana kuchokera kunsapato mpaka kundevu.

"Misozi yanu ndalira yonse lero, yatha," anatero. "Mukachokanso, mukadzifunire wina wokulirani. Ndevuzo mumete, khasu lanu lili kuseri kwa nkhokwe."