Ng'ombe zanga za ku Amereka

Tsiku lomwe ndinanena kuti ndikupita ku Joni panali anthu awa: mkazi wanga Esinati, mlongo wanga Tisauke, mwana wake Misheki, ndi mwana wanga Yotamu. Tinakhala pansi pa bwemba kwathu ku Msoro. Njovu zinali zitamaliza chimanga changa, thonje nalo ogula analigula ngati zinyalala. Ndinati ine Lazaro Sakala sindingakalambe ndikuimbira njovu zitini kuti zichoke m'munda. Mawu anga ndi aakulu, mwina anamveka mpaka kumishoni.

Ku Joni ndinakhala zaka khumi ndi zinayi, ndikusamala maluwa panyumba ya mzungu wina wa ku Amereka. Ndinkagona m'kachipinda kuseri kwa galaja. Lamulungu ndinkayankhula Chikunda ndi agalu ake, poti panalibe wina wondimva. Esinati ankatumiza mawu pafoni, denga likudontha, Yotamu wadwala malungo. Ndinkatumiza pang'ono, zambiri ndinkasokera m'matiresi. Ndinkafuna chigayo.

Bwana atamva za matiresiwo anandifunsa, "Lazaro, kwanu simugula ng'ombe?" Ndinaseka. Ndinamuuza kuti kwathu kuchigwa ng'ombe imafa ndi ntchentche za kashembe isanazolowere khola. Iye anati ziliko ng'ombe zomwe kashembe saluma. Kwawo mizinda ikafuna kumanga mlatho kapena kuika mapaipi a madzi, imabwereka kwa anthu. Pali thumba limodzi lomwe limabwereketsa mizinda yambirimbiri, iwe umangogulamo masheya. Mwezi ndi mwezi chiwongola dzanja chimabwera, boma lakumeneko osadulapo msonkho. Ukafuna ndalama zako, umagulitsa masheyawo pafoni pomwepo. Anandilembetsa yekha. Ine wa Sitandade 2 ndinayamba kubwereketsa mizinda ya azungu, mwamva?

Mzunguyo sanandinamize, ndineneretu. Thumba lija linalidi labwino.

Atatsala pang'ono kubwerera kwawo anati ndipeze munthu wodziwa kuwerenga woti azisunga nambala yachinsinsi yolowera m'thumbamo. "Mwana wako bwanji?" anatero. Ndinakana. Kwathu mwana ndi wa mbumba ya amake, magazi ako ndi mwana wa mlongo wako. Komanso Misheki anamaliza sukulu, ankanyamula zikwama za alendo pabwalo la ndege ku Mfuwe, Chingerezi chili pakamwa. Yotamu analekezera m'njira. Ndinaimba foni kumudzi, onse akumva, nkunena mokweza monga mwa ine: "Nambala ndikupatsa Misheki. Yotamu ndi wa eni ake, sadziwa kanthu koma khasu." Yotamu naye anamva.

Bwana anapita, ine ndinatsala ndikusamala maluwa panyumba yomweyo. Kuyambira pamenepo Misheki ankanditumizira mawu mwezi uliwonse. "Malume, ng'ombe zanu zikuswana." Mawu amenewo ndinkawamvera kawirikawiri ndikakhala ndekha m'kachipinda kaja.

Chaka chatha mawondo anakana, ndinabwerera. Ndinagula mbuzi, ndinaitana anthu omwe aja pansi pa bwemba lomwe lija. Misheki anafika mochedwa pa galimoto. Ndinali nditaona kale nyumba yake yogona alendo m'mbali mwa msewu wa ku Mfuwe, ndipo ndinauza aliyense m'basi kuti uyo ndi muphwa wanga.

"Mwaswera bwanji, malume?"

"Ndaswera. Tsegula foni, anthuwa aone munthu amene mizinda ya ku Amereka imamuopa."

Anati netiweki yavuta. Ndinati kwera pachulu. Anakwera, anatsika, nkundipatsa foniyo akuyang'ana kumbali. Zilembo zimandivuta koma manambala ndimawadziwa. Zomwe zinatsalamo sizikanagula ngakhale lamba wa chigayo.

Ndinamufunsa kuti ng'ombe zanga zili kuti. Anati ankagulitsa pang'onopang'ono, poyamba ya simenti, kenako malata, kenako galimoto. Ndiye anandifunsa mofatsa, ngati tikukambirana za mvula, "Malume, mukadzamwalira, chuma chanu ndi cha ndani?"

Ndinatembenukira kwa mlongo wanga. Tisauke anali kutafuna mbuzi yanga. "Achimwene, mwanayu sanabe," anatero. "Wangoyamba msanga."

Esinati anawerama. Pamenepo ndinadziwa kuti naye ankadziwa. Mudzi wonse unkadziwa. Anthu ankaona simenti ikudutsa pangolo, koma ndani akanandiuza? Esinati anandikumbutsa pambuyo pake kuti anayesa kamodzi pafoni, ine nkumukalipira kuti nsanje ya mwana wake isalowe pa chuma cha mbumba yanga. Ndikukumbuka. Ndinaterodi.

Ndinakuwa tsiku limenelo mpaka mawu anatha. Ndinatchula apolisi, ndinatchula khoti. Misheki anangoti nambala ndinamupatsa ndekha pamaso pa mboni, nkukwera galimoto yake. Zaka khumi ndi zinayi ndinaopa akuba a ku Joni, ndikugona pa ndalama ngati nkhuku pa mazira, wakuba weniweni ndikumuitana kuti mwanawe.

Anthu atabalalika ndinatsala pampando ndi mafupa a mbuzi. Yotamu anabwera, tsopano ndi bambo wa ana atatu, manja okhakhala ngati khungwa la tsanya. Denga la amake anakhoma ndi iye, ndi ndalama za thonje. Anakhala pansi pafupi ndi mapazi anga. Kenako anati:

"Atate, ine wa eni ake ndakusungirani munda wa kumtsinje, ndaulima kale. Zitini zanu zija zilipo. Mawa tilawirire, njovu sizidziwa kuti munali ku Joni."