Tsiku Limene Ndinaletsa Ukwati wa Achemwali

Dzulo ndinapeza mdzukulu wanga akudzipaka makala kuchibwano, akuti akukonzekera sewero la kusukulu. Ndinaseka mpaka kukhala pansi, chifukwa ndevu zoterezi ndinaziwonapo ndili kamtsikana ku Chezi.

Linali Lamulungu, Misa itangotha. Achinyamata anamanga nsalu pakati pa mitengo iwiri kuti achite sewero, ife ana tinathithikana kutsogolo, fumbi lili koboo. Achemwali anga a Felesiya anatulukira atavala diresi la amayi, akununkhira sopo. Mnyamata wa ndevu zamakala, jekete lofika m'mawondo, anagwada n'kuyamba kuwafunsira. Atalonjeza njinga, iwo anayang'ana kumbali. Atalonjeza nyumba yamalata, anayamba kukanda pansi ndi chala. Anthu kuseka, azimayi nthungululu!

Kenaka kunabwera wina atafunda nsalu yoyera ngati wansembe, n'kuwagwiranitsa manja. Ine ndinayesa ndi ukwati weniweni. Kwathu mkamwini amadzakhala kwa mkazi, ndiye kuti ine pamphasa ya achemwali ndichokepo?

Ndinalumpha n'kukawagwira diresi. “Sakwatiwa awa! Ankhoswe ali kuti? Amalume sanamve!”

Anthu anafa nalo phwete. Wansembe uja anaseka mpaka nsalu kugwa.

Pobwerera anthu ankatsutsana njira yonse. Amayi ena ankati, “Kugwirana manja pagulu, n'zaulemu zimenezo?” Amalume anati, “Wanzeru m'sewero lonseli anali mwanayu basi.” Achemwali sanandilankhule mpaka kunyumba, koma pogona anandifunditsa chitenje chawo.

Achemwaliwo tawaika m'manda chaka chino, ndipo ulendo uno panalibe diresi loti ndiligwire.