Nambala ya Lole pa Manda a Mkazi Wanga

Ndinabadwira mu komboni ya pulazi ina ya fodya kufupi ndi Trelawney, chakumadzulo kwa Harare. Bambo anga anachokera ku Dedza wapansi, ndipo sanabwerereko. Sukulu ndinalekera panjira. Ndinayamba ndi thalakitala, kenako anandipatsa lole yonyamula mabelo kupita ku okushoni. Sindinaigwetsepo.

Boma lasintha manambala a galimoto kawiri ine ndikuona. Ndili mnyamata, nambala inkayamba ndi chilembo cha tauni. Ukaona S unkadziwa kuti galimotoyo ndi ya ku Salisbury, Harare wa lero. Kenako anachotsa matauni, n'kuika manambala okhaokha ndi chilembo chimodzi kumapeto. Za masiku ano zili ndi zilembo zitatu kutsogolo ndi chizindikiro cha boma. N'zokongola, koma sizinena kumene galimoto yachokera.

Ife a m'komboni tinalibe kumudzi kokaikidwa. Mzungu mwini pulazi anatipatsa kachigawo kuseri kwa damu, pansi pa mtengo waukulu. Simenti yomangira chiliza sitinkaipeza. Mtanda wa mtengo, chiswe sichinkachedwa nawo.

Atasintha manambala koyamba, zitsulo za manambala akale anaziunjika kuseri kwa galaja. Makaniko wathu, mkulu wina wa ku Tete, mwana wake atamwalira anatolapo chimodzi. Analemba dzina kumbuyo ndi penti, nachimangirira pa nsanamira yachitsulo ya mpanda, nachizika kumutu kwa manda. Enafe tinatengera pomwepo. Penti inkafufutika ndi dzuwa, koma nambala ndi yosindikiza m'chitsulo, sifufutika. Motero akufa athu tinkawadziwira manambala. Wina akafunsa kumene kwagona uje, tinkati, "Pa ngolo yaing'ono, kupitirira thalakitala yofiira."

Ku mowa ankanyozana nazo.

"Iwe ukapitiriza kachasu ameneyu, nambala ya ngolo ya manyowa ikukudikira."

"Ayi achimwene, ine mudzandiike ya galimoto ya dona. Ndikafike kumwamba ngati munthu."

Mkazi wanga lole ija ankaitcha mkazi mnzake. Ankati ndimaisambitsa kuposa mmene ndimasambira ine. Mapulazi atagawidwa, mzungu anapita, ntchito inatha. Lole inatsala pa miyala. Matayala anapita, injini inapita. Pamene boma linkati galimoto zonse zitenge manambala a zilembo zitatu, yanga inali itafa kale, ndipo inatsala ndi nambala yake yakale.

M'nyengo yomweyo mkazi wanga anadwala chifuwa. Tsiku lina ndikumupatsa madzi anati, "Bambo a ana, mudzandiike nambala ya mkazi mnzanga uja. Mwina mudzidzabwera kudzandiona."

Ndinamukalipira kuti asamayankhule zotero. Sanathe mwezi.

Lole imakhala ndi zitsulo ziwiri, cha kutsogolo ndi cha kumbuyo, nambala yake imodzi. Ndinamasula zonse. Cha kumbuyo ndinachizika pa manda ake. Cha kutsogolo ndinachikulunga m'thumba la feteleza, n'kuchiika kunsi kwa bedi. Ndinauza mwana wanga wamkazi kuti chimenecho n'changa, ndipo malo anga ndi kudzanja lamanja la amake. Zina sindinapemphe kwa munthu.

Zaka zinadutsa. Chaka chilichonse ndinkakalambula pamandapo mvula ikatha. Kenako maso anayamba nkhungu, ndipo mwana wanga ananditengera ku Harare kuchipatala. Ndinakhalako dzinja lonse.

Nditabwerera, ndinapita kuseri kwa damu. Ndinayesa maso sanachire. Panalibe nsanamira ngakhale imodzi. Ogula zitsulo zakutha anali atadutsa ndi galimoto yawo, akufuula m'komboni kuti amagula chilichonse pa sikelo. Amene anazula sindikumudziwa. Anthu ali ndi njala. Mtengo waukulu uja anali ataudula kuti awotchere fodya, chitsa n'kuchitentha. Mitumbira ng'ombe zinali zitaipondaponda, mvula n'kumaliza. Panali udzu basi.

Malowo anagwera m'gawo la mwamuna wina wa ku Zvimba. Si munthu woipa. Ndinamupeza akukonza goli.

"Sekuru, ine sindinazuleko kanthu," iye anatero, kunditcha agogo m'chiyankhulo chawo. "Koma munda wanga ndi wochepa, ana ndi ambiri. Chaka chino ndilima mpaka ku damu."

"Pali anthu pamenepo."

"Ndilozereni pamene agona ambuya, akazi anuwo. Ndiika miyala, ndipazungulira ndi pulawo. Inunso ndikusiyirani pambali pake. Koma sindingasiye malo onse chifukwa cha udzu."

"Ndidzaloza."

"Mvula isanagwe, sekuru." Anaseka pang'ono, poti iwo tonse a m'komboni amatitcha a ku Blantyre. "Kapena tikutumizeni kwanu ku Blantyre?"

"Kwathu ndi pano. Iwe unabwera dzana."

Ndinapita tsiku ndi tsiku ndi ndodo yanga. Ndinkayambira pa damu, kenako pa mpanda wakale, koma mpandanso unali utapita. Kale ndinkayenda ndikuwerenga manambala, mapazi n'kumatsatira. Popanda manambalawo mapazi sanadziwe kanthu. Ndinafunafuna anthu akale. Makaniko wa ku Tete uja ali pansi pomwepo. Ena anapita kukakumba golide, ena ali m'tauni kwa ana awo. Mayi wina wokalamba analoza kumpoto, mawa lake analoza kum'mwera.

Mwana wanga anabwera pa basi, tinapitira limodzi. Mitambo inali itayamba kuda.

"Ababa, ingolozani penapake," anatero. "Adzatsutsa ndani?"

"Ukufuna ndikagone pafupi ndi mkazi wa mwini mpaka tsiku la chiweruzo?"

"Nanga amayi adziwa bwanji? Si dothi lomweli?"

"Amako ankadziwa ndikanama ndisanatsegule pakamwa."

Analira. Ine sindinalire. Tinabwerera kunyumba osaloza.

Mvula inagwa, ng'ombe zinalowa ndi pulawo. Fodya wa pamenepo amakula bwino, masamba ake aakulu. Ndimamuona ndikamapita kukatunga madzi. Sindiima.

Mwana wanga akuti ndikafa adzanditengera ku manda a khonsolo m'tauni. Kumeneko amakupatsa nambala yawo pa kachitini, ndipo woyandikana naye sumudziwa. Sindinakane. Ndilibe pena poti n'kuloza.

Ulendo wathawu akusesa anatulutsa thumba la feteleza lija kunsi kwa bedi. Anamasula, napukuta fumbi ndi chitenje.

"Nanga ichi, ababa? Tidzachizike kumeneko?"

"Ayi. Panja adzachizula."

"Ndiye titaye?"

"Udzachiike m'bokosi, pachifuwa panga. Ukhomeretse misomali bwino."

Anachikulunganso, n'kuchibwezera kunsi kwa bedi.