Zaka Zitatu Akusema Gitala la a Thole

Pa 3 Ogasiti 2009, Bestone Katsekera adatsika basi pa depoti ya Mzimba ali ndi zaka 47, sutikesi imodzi, ndi kalata yomusamutsa kuchoka ku Ntchisi kuti adzakhale mlangizi wa ziweto. Mkazi wake, Felesta, sadabwere naye. Ku Ntchisi Bestone adali mkamwini: munda udali wa Felesta, mayi ake a Felesta okalamba adali komweko, ndipo ana atatu a banjali adali atakula kale. Adagwirizana kuti azionana pa Khirisimasi ndi pa Pasaka, ndipo m'zaka zoyambirira zinkachitikadi choncho.

Adampatsa nyumba ya zipinda zitatu chakuseri kwa msika, koma iye ankangokhala m'chipinda chimodzi. M'mawa ankayeza nyama kumalo ophera ng'ombe, masana n'kumalemba malipoti. Chitumbuka adachiphunzira chongokwanira kufunsa tsiku lomwe ng'ombe idayamba kukana msipu, osati choti n'kusekera limodzi ndi anthu. Anzake a ku ofesi ankamuchitira ulemu. Akalowa, macheza ankasinthira ku Chichewa n'kuyamba kuyenda mwaulesi. Akatuluka, ankamva phwete likubuka kumbuyo kwake m'chiyankhulo china. Palibe yemwe adamulakwira. Komabe Loweruka masana linkatalika kwambiri.

Lachinayi lokha ndilo linali ndi kukoma. Tsiku limeneli ankakwera njinga yamoto kupita ku dibi lina kufupi ndi Edingeni, komwe alimi ankasambitsa ng'ombe kuti nkhupakupa zife. Kumeneko adadziwana ndi a Yoram Thole, mkulu wa ng'ombe khumi ndi zinayi, yemwe adakhala zaka zambiri akukumba malasha ku Wankie. Chichewa adakachitola kumigodi komweko kwa amuna a ku Dedza ndi ku Ntcheu, ndipo ankachigwiritsa ntchito makamaka pomunyogodola Bestone.

"Adokotala a ng'ombe mwafika?" ankatero akangomva njinga. "Imwe Achewa ng'ombe mukuidziwa ya m'buku pera. Yamoyo ikakuyang'anani, mbwenu mwakwera mumtengo."

"Adada, ine ndikakwera mumtengo, yanu yowondayi aibaya jakisoni ndani?"

"Yowonda? Iyi njakulimba chomene. Wowonda ndimwe, mwamuna wodziphikira yekha."

Dibi likatha ankakhala pakhonde pa a Thole kumamwa chindongwa, thobwa la kumeneko, lomwe mwana wawo wamkazi Keziya ankabweretsa. M'sabata yathunthu, maola awiri amenewo ndiwo okha omwe Bestone ankayankhula zinthu zosakhudza ntchito.

Tsiku lina mu 2011 a Thole adamuuza kuti ku Wankie ankaimba gitala, ndipo amuna a m'komboni ankasiya mowa kudzamvetsera. Gitalalo lidaphwanyika m'lole yomwe idawabweretsa kumudzi mu 1978, ndipo chiyambire pamenepo sadagwirenso lina. Pofotokoza, dzanja lawo lamanzere linkangoyenda uku ndi uku pamwamba pa mawondo. Bestone adaganiza kuti akusasa fumbi pa thalauzi.

Iye sankadziwa kuimba chilichonse. Koma bambo ake adali wosema mitondo ndi mipini, ndipo manja a Bestone adakulira pa nsompho. Ali panjinga kubwerera ku boma adatsimikiza mumtima kuti asema gitala ndi mitengo ya m'dziko momwemo, ndipo sauza a Thole mpaka litatha. Ankafuna chinthu chimodzi: kuti tsiku lina adzakhale pakhonde paja akumva mnzakeyo akuimba pa chinthu chomwe iye adapanga.

Chipinda chachiwiri cha nyumba ija chidapeza ntchito. Matabwa a mlombwa a kumsana ndi m'mbali adawagula kwa ocheka matabwa. Khosi adasema la mbawa. Kathabwa kakuda ka pakhosi, pomwe zala zimayenda, kadali ka phingo, mtengo wouma womwe udamugomolera tchizulo ziwiri. Thabwa lakumaso, lomwe limatulutsa mawu, lidachokera ku shelefu yakale ya mkungudza yomwe idatayidwa kuseri kwa nyumba yosungiramo mankhwala. Ataipala, fungo lake lidadzaza nyumba yonse kwa sabata. Miyeso adaitenga pa gitala la kwaya ya kutchalitchi, akulemba pa pepala lalitali lomwe adalumikiza ndi phala la ufa.

Ntchito yovuta idali yopinda matabwa a m'mbali. Ankaika paipi yachitsulo pa mbaula, kunyowetsa thabwa lopyapyala, n'kumalikanikiza pang'onopang'ono pa paipi yotenthayo. Asanu ndi limodzi adathyoka, ena atatsala pang'ono kutheka. Pomata, popeza adalibe zopanira, ankakulunga chonsecho ndi malegeni odula ku chubu cha njinga. Bokosi loyamba adalimata mu Febuluwale, mvula ili pakati, matabwa atamwa chinyezi. Dzuwa la Okutobala litafika, msana udang'aluka kuchoka kumwamba mpaka pansi, tsiku la Sabata iye akudya. Adamaliza kudya, n'kutsuka mbale, kenaka n'kuyamba kuchonga thabwa lina. Khirisimasi ya chaka chimenecho sadapite ku Ntchisi. Felesta pa foni adangofunsa kuti, "Kodi gitalalo lidzakuphikirani mukadzadwala?" Bestone adaseka, koma Felesta sadaseke.

Woyang'anira kwaya adamuuza kuti gitala labwino limadziwika ndi nsambo zogona pafupi ndi khosi, kuti zala zisapweteke pokanikiza. Bestone adaganizira zala za munthu wa zaka zopitirira makumi asanu ndi awiri, ndipo mawu amenewa adawagwira ndi mtima wonse. Tizitsulo topingasa pakhosi adatidula ku masipoko a njinga, n'kutikhula kamodzikamodzi mpaka tonse tidafanana. Miyezi iwiri idathera pa kutsitsa nsambo. Pomaliza zidagona kwambiri moti kamtengo ka machesi kankalowa movutikira pansi pake. Woyang'anira kwaya ataliyesa adati sadagwirepo gitala lofewa chotero.

Lachinayi loyamba la Juni 2014 adalibereka kumsana, atalikulunga m'bulangeti. Dibi litatha, adalivundukula pakhonde.

A Thole adaomba m'manja mwaulemu, n'kulilandira ndi manja awiri. "Yewo chomene, adokotala. Yewo chomene." Adaligoneka chagada pamiyendo, kulisisita, kulinunkhiza. Adapendeketsa mutu n'kuyang'ana nsambozo cham'mbali kwa nthawi yaitali. Adazikhudza kamodzi ndi chala chachikulu, zidalira bwino, ndipo adaitana Keziya kuti akalipachike m'nyumba pamalo osafika ana. Bestone adabwerera ku boma ndi tambala womangidwa miyendo pa kaliyala.

Sabata yotsatira gitala lidali pakhoma, litakulungidwa m'chitenje. Yotsatiranso chimodzimodzi. Pa Lachinayi lachisanu Bestone adalimba mtima.

"Adada, kodi simuliyesa?"

"Tiyesa, adokotala, tiyesa. Lero zala zazizira."

Udali mwezi wa Julaye, kunkaziziradi. Koma Seputembala adafika, kudatentha, gitala lili pomwepo. A Thole ankalionetsa kwa mlendo aliyense, kumuvundukulira pang'ono n'kunena kuti lidapangidwa ndi Mchewa wa ng'ombe za m'buku. Koma kuimba ayi.

Bestone sadafunsenso. Kwa iye, kufunsa kawiri za mphatso yomwe wapereka kudali ngati kuilonda. M'malo mwake ankadzifunsa yekha panjinga, ndipo mayankho omwe ankapeza adali awiri: mwina gitalalo lidali ndi chilema chomwe katswiri adachiona n'kumubisira, kapena nkhani ya ku Wankie idali yongokometsera macheza. Onse awiri ankamuwawa. Adayamba kunyamuka dibi likangotha, akunena kuti ku ofesi kuli malipoti. Kenaka adasinthana ndi mnzake, iye n'kutenga madibi a mbali ya Jenda. Lachinayi lidasanduka tsiku ngati ena onse. Chipinda chachiwiri adachitseka, zipalo za mlombwa zili mbwee pansi.

Padapita miyezi isanu ndi iwiri. Mu Epulo 2015 adakumana ndi Keziya pa msika wa Mzimba akugulitsa nyemba. Mayiyo adagwada pang'ono popereka moni, koma mawu ake sadagwade.

"Adokotala, mudatitaya. Adada ankakufunsani chomene. Lachinayi lililonse akamva njinga, mbwenu atuluka."

"Ntchito, mayi. Ali bwanji iwo?"

"Ali ku Joni. Achimwene anga, a Zondwayo, adabwera kudzawatenga mu Febuluwale, maso adayamba kuchita mdima."

Bestone adafunsanso kuti, "Nanga gitala lija?"

"Lili pakhoma. Adati lingaphwanyike panjira ngati loyamba."

"Mayi, ndiuzeni zoona. Lidalakwika pati?"

Keziya adaseka, kenaka adaleka ataona nkhope yake. "Kulakwika yayi. Kasi simukudziwa? Adada saimba chokumbatira ngati anyamata a kwaya. Iwo ndi a hauyani. Amaligoneka pamiyendo, n'kumayendetsa kabotolo pamwamba pa nsambo. Ndiye nsambo zimafunika zikwere m'mwamba. Lanu lija zidagona chomene, botolo likungogunda tizitsulo, kho kho kho. Adayesa kamodzi imwe mutapita."

"Bwanji sadandiuze?"

"Akuuzeni kuti zaka zitatu zanu mwalakwitsa? Ku Wankie ankangolowetsa msomali waukulu pansi pa nsambo, kumutu uku. Ine ndidawabweretsera msomali. Adaugwira, kuyang'ana gitala, mbwenu akuti, 'Keziya, chinthu chosalala chonchi ndichikande ndi msomali? Mwiniwake akabwera aziti chiyani?' Adati adzakuuzani tsiku lomwe mudzakhale pansi bwinobwino. Imwe ndiye mudayamba kumwa chindongwa choimirira."

Bestone adakumbukira dzanja lija likuyenda pamwamba pa mawondo. M'zaka zitatu zonse adafunsa ocheka matabwa, akalipentala ndi woyang'anira kwaya, koma sadafunsepo mwini nyimboyo kuti amaimba motani, poopa kuulula chinsinsi.

Loweruka lotsatira adapita ku Edingeni kukatenga gitalalo. Pakhonde padalibe mpando. Kumalo ophera ng'ombe adapempha fupa la mwendo, adaliwiritsa, kuliumitsa, n'kusemapo kachidutswa kotalika ngati chala, kokhala ndi timipata tisanu ndi kamodzi. Adakalowetsa kumutu kwa khosi, nsambo n'kukwera. Ntchito yonseyo idatenga masana amodzi. Adatsuka kabotolo kopanda kanthu ka mankhwala a ng'ombe, n'kukayendetsa pa nsambo monga adamvera kwa Keziya. Mawu adatuluka otsetsereka ngati munthu akulira chapansipansi, koma nyimbo padalibe, chifukwa iye sankadziwa poimitsa dzanja.

Ku Mzimba kuli madalaivala omwe ntchito yawo ndi kunyamula anthu ndi katundu pakati pa kumudzi ndi ku Joni. Keziya adamulozera wina yemwe ankadziwa komwe Zondwayo amakhala. Bestone adakhoma bokosi la matabwa a paini, adayala bulangeti m'kati, n'kuikamo gitala, kabotolo ndi kalata ya mizere itatu. "Ndapota, musaliike pansi pa matumba," Keziya adamuuza dalaivalayo, ndipo iye adalonjeza kuti likhala kuseri kwa mpando wake.

Meyi adatha, Juni ndi Julaye, osamva kanthu. Pa 9 Ogasiti foni ya Bestone idalandira uthenga wa mawu kuchokera ku nambala yachilendo. Adautsegula ali pa ntchito, ataima pakati pa nyama zopachika. Poyamba kudamveka wailesi ya kanema ndi mwana akulira, kenaka wina akuti aizimitse. Ndiye botolo lidayamba kuyenda. Nyimboyo idali yapang'onopang'ono, yokoka, ndipo pena dzanja linkaphonya n'kubwereranso. Mkungudza unkayankha bwino. Kumapeto kudamveka kutsokomola, kenaka mawu a a Thole, ofooka kuposa kale.

"Adokotala a ng'ombe. Mbwenu mwamva. Zanga zija muziziyang'ana, zisawonde ngati imwe."

Uthenga wonse udali wa mphindi imodzi ndi masekondi khumi ndi awiri. Bestone adayesa kuimba foni pa nambalayo kangapo. Idali ya mnzake wa Zondwayo wa kuntchito, yemwe adalonjeza kupereka moni.

Pofika chaka chino cha 2017, a Thole akadali ku Joni. Diso limodzi lidachira, linalo ayi, ndipo ana awo akuti ulendo wa masiku atatu pa msewu sangaupirire. Bestone adabwereranso ku dibi la ku Edingeni, ndipo ng'ombe za a Thole, zomwe tsopano ndi khumi ndi zisanu ndi ziwiri, amazilemba m'dzina la Keziya. Chipinda chachiwiri adachitsegulanso. Pa tebulo pali khosi la gitala lina lomwe sadasankhe woti adzampatse. Kwatsala zaka zisanu kuti apume pa ntchito, ndipo sadauze Felesta ngati adzabwerere ku Ntchisi. Iye ndi a Thole sadaonanenso kuyambira Seputembala 2014.